A Hilario, Dokotala Wothawa Beseni

"Kodi iwe Favour, ukufuna kukhala namwino wochiritsa anthu, kapena namwino wotaya mikodzo ya anthu?"

Anandifunsa choncho a Hilario Alufandika, atakhala pampando wawo wapulasitiki pansi pa mtengo wa nimu, pamphambano pomwe njira ya kumudzi kwathu imakumana ndi msewu wa ku Bangula. Apa n'kuti zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitangotuluka. Ndinakhoza, inde, koma Bayoloje inandigwetsa, ndipo kusukulu ya anamwino salandira munthu amene Bayoloje yamukana. Mudzi wonse umadziwa kuti ndimafuna unamwino, poti ine pakamwa sinditseka.

"Bwera uzigwira ndi ine," anapitiriza, akusisita jasi lawo loyera. "Ndikusokera jasi ngati ili. Mwezi usanathe anthu azikutchula kuti anesi. Kusukulu ukatayako zaka chabe."

Sindinayankhe tsiku limenelo. Ndikuyankha pano, molemba, kuti amene amawerenga awerenge, ndipo adziwenso kuti kuno kuchigwa kuli mtsikana wina dzina lake Favour amene amaona zinthu.

A Hilario anabadwira kwa Ndamera, kufupi ndi malire, bambo awo anali msodzi. Kusukulu anali anzeru, zimenezo sindingawalande. Atasankhidwa kupita kusukulu ya anamwino kumtunda, kwawo anapha mbuzi, ndipo mayi anga, a Evelesi, amene anali kamtsikana nthawi imeneyo, amati anthu anavina mpaka fumbi linakwera pamwamba pa migwalangwa. Chaka chisanathe munthu uja anabwerako ndi chikwama chake.

Chifukwa chake sabisa ayi. Amachinena okha, monyadira, ngati msilikali wofotokoza za nkhondo.

"Tangofika, ati lero tiphunzira kuyala bedi. Ine n'kumati mwina akucheza. Mawa lake, kusamba m'manja. Kusamba m'manja! Munthu wamkulu, wandevu! Kenako kusambitsa odwala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwagwira padzanja n'kumawerenga mtima ngati woombeza. Ndinapirira. Koma tsiku lina sisita wina anandipatsa beseni la mkodzo wa nkhalamba, ati pita ukayeze kuchuluka kwake. Ndinati nkhabe, sindichita zimenezo! Ine mwana wa Alufandika sindinakwere mapiri onsewa kudzanyamula mikodzo. Ndinaliika pansi beseni lija n'kutuluka."

Akafika apa amadikira kuti omvera aombe m'manja, ndipo ena amaombadi.

Phunziro limodzi lokha ndi limene analikonda, la mankhwala. Mayina anawaloweza, ndipo mpaka lero amawatchula mokoka lilime kuti osaphunzira aope. Zoti mankhwalawo akalowa m'thupi amayenda bwanji, amatulukira pati, amadana ndi chiyani, zimenezo anaziphonya, poti zinabwera iwo atatuluka kale pachipata. Anabwera kuno ndi mayina, jasi loyera, ndi chomvetsera m'chifuwa chimene mpira wake unang'aluka kalekale. Amachikoleka m'khosi ngati mkanda. Sindinaonepo atachiika pachifuwa cha munthu.

Kunena zoona, pamphambano paja sindinaonepo atakhudza wodwala n'komwe. Mayi abwera ndi mwana kumbuyo, "Adokotala, mwanayu kuyambira dzulo..."

"Basi basi, ndadziwa kale. Ndinaonera m'kayendedwe kanu."

Dzanja lili kale m'chikwama. Mwanayo ali ndi zaka zingati, amalemera bwanji, wamwa chiyani kunyumba, safunsa. Kufunsa amati n'kwa anthu osadziwa.

Koma malonda awo enieni ndi odula nzimbe. Nyengo yodula ikafika, kusanache bwinobwino amuna amadutsa pamphambano paja panjinga, zikwanje atazimanga kumbuyo, kupita kuesiteti. Ntchito yake ndi yowerama tsiku lonse m'nzimbe zootchedwa, dzuwa likuwamba pamsana, mwaye ukulowa m'mphuno. Aliyense kapitawo amamupatsa mgwazo wake, ndime yoti amalize asanaweruke. Msana umawawa, mapewa amawawa, ndiye a Hilario anawapangira mankhwala awoawo otchedwa Mgwazo Watha: burufeni, indosidi ndi dikolofenaki, zonse pamodzi m'kapepala ka nyuzi.

Malamulo ake ndi awiri, ndipo amawalengeza mokweza m'mawa uliwonse.

"Mumwe musanadye kanthu, kuti mankhwala apeze m'mimba muli poyera! Chachiwiri, madzi musamamwe ambiri kumundako. Madzi amasukulutsa mankhwala. Tiyi ukathira madzi ambiri amakoma?"

"Sakoma, adokotala!"

"Ndiye bwanji mufuna kusukulutsa mphamvu yanu?"

"Takhuta, adokotala," amathokoza amunawo, n'kumeza ndi malovu okha.

Tangoganizani. Mwezi wa Okutobala, kuno kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo, munthu wovala jasi loyera akuuza anthu otuluka thukuta ngati mpopi kuti asamwe madzi. Ndipo akumumvera, chifukwa zimene akunenazo zikumveka ngati nzeru, komanso ululu umathadi.

Mmodzi mwa omvera aja anali achimwene anga, a Rodgers. Chimwalirireni bambo athu, iwowo ndi amene amatidyetsa pakhomo, ndipo ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Ndi munthu wamtali, wosalankhula zambiri, koma akafuna kukunyoza amadziwa pobaya.

"Achimwene, kusukulu tinaphunzira kuti impso zimafuna madzi," ndinawauza m'mawa wina nditaona akutaya theka la madzi a m'chigubu chawo kuti asakopeke nawo.

"Aphunzitsi a Bayoloje alankhula," anatero akumanga chikwanje. "Unapeza magiredi anji paja?"

Mumtima munapsa.

Sabata imene kunatentha kwambiri, achimwene anabwera kunyumba masana atawakweza anzawo, akusanza. Anati ndi dzuwa chabe. Mawa lake sanadzuke. Nkhope inatupa, mapazi anatupa, ndipo ine ndinaona chinthu chimene ena sanachione: munthuyu sankapita kuseri. Amayi anatuma mwana kukaitana a Hilario.

Anabwera ndithu, jasi likuwala. Anaima pakhomo, osalowa, n'kusuzumira mkati ngati akuona nkhuku yofungatira.

"Malungo a m'mafupa awa. Ndadziwa kale."

"Sakukodza," ndinatero.

"Ndiye vuto lili pati? Thupi likusunga mphamvu. Mumupatse awa, awiri masana, awiri madzulo."

Kapepala kanali komweko ka Mgwazo Watha. Amayi anatambasula manja onse awiri kuti alandire, koma ine ndinakatsomphola kaye.

"Favour! Ulemu uli kuti?"

"Amayi, mundimenya pambuyo. Panopa ndikukaitana kabaza."

Ndinakuwa mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka. Mwina amayi analola chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa cha mantha, sindikudziwa. Tinawanyamula achimwene kupita kuchipatala chaching'ono, ndipo kumeneko atangowaona anaitana ambulansi yopita kuchipatala cha boma.

Kuwodi tinalandiridwa ndi mtsikana wovala yunifolomu ya ophunzira unamwino, dzina lake Patience, wa kwa Maseya. Sanali wamkulu kwenikweni kwa ine, mwina zaka zochepa chabe, wamfupi, woseka ndi mano onse. Choyamba anasamba m'manja. Ndinakumbukira a Hilario ndipo ndikanaseka pakanapanda mantha. Kenako anagwira dzanja la achimwene ndi zala ziwiri, maso ali pawotchi. Anawayeza kutentha, anawayeza bipi, anadina pamsongolo ndi chala ndipo panatsala kadzenje kosabwerera.

"Bambo, mwakodza liti komaliza?"

Achimwene anayang'ana kumbali. Mwamuna wamkulu kufunsidwa zotero ndi mtsikana!

"Musachite manyazi, ine mikodzo ndiye ndiwo zanga za tsiku ndi tsiku. Liti?"

"Dzana. Pang'ono. Wakuda ngati tiyi wopanda mkaka."

"Mankhwala mwamwa anji?"

Ndinatulutsa kapepala kaja. Patience anakatsegula, kuseka konse kunatha, ndipo anathamanga kukaitana adokotala enieni. Atatenga magazi n'kuyeza, anatiuza mosabisa kuti impso zavulala. Anati ayesa kuzidzutsa ndi diripu, pang'onopang'ono, koma mkodzo ukapanda kubwera awatumiza ku Blantyre kumakina osefa magazi, ndipo kumeneko si onse amene amabwerako. Amayi anakhala pansi pasimenti.

Ine ndi amene ndinatsala ngati wodikirira wodwala. Patience anandipatsa jagi yapulasitiki yokhala ndi mizere m'mbali.

"Iyi ndi ntchito yako. Dontho lililonse limene atulutse, uthire muno, uone pamzere, undiuze. Chilichonse chimene amwe, undiuzenso. Tikawathira madzi ambiri impso zili zotseka, madziwo akathera m'mapapo. Ndiye mawu ako ndi amene atiuze kuti diripu ithamange kapena ichepe. Uli ndi nseru?"

"Ayi."

"Tiona."

Mmene ankagwira ntchito ndinkamutsata ngati mchira, mafunso osatha. Sanandithamangitse. Mwina ankasangalala kupeza munthu wosadziwa kumuposa, poti masisita ankamukalipira tsiku lonse.

"Mapiritsi atatu aja ndi a banja limodzi," anandifotokozera tikuwatembenuza achimwene. "Kumwa onse pamodzi kuli ngati kumwa amodzi katatu. Amathetsa ululu, eya, koma amachepetsanso magazi opita kuimpso. Munthu wokhuta madzi mwina apirira. Koma wouma ndi thukuta, magazi achepa kale, n'kuwatsekeranso njira? Impso zimangokhala ndi njala. Kumwa usanadye ndiye kumakanda m'mimba mpaka zilonda. Amene anawapatsa ndani?"

"Munthu wina amene anaphunzirapo unamwino."

"Anaphunzira mpaka pati?"

"Mpaka pabeseni."

Anaseka mpaka sisita anasuzumira.

Anandiphunzitsa zinthu zisanu zimene namwino amadzifunsa asanapereke piritsi ngakhale limodzi: kodi ndi munthu wake, ndi mankhwala ake, ndi mlingo wake, ndi njira yake, ndi nthawi yake? Ankazinena motsitsa ngati pemphero pabedi lililonse, ngakhale pa wodwala amene wamupatsa mankhwala kambirimbiri. Anandiphunzitsanso kumva kugunda kwa mtima padzanja.

"Osati ndi chala chachikulu! Chimenecho chili ndi kugunda kwakekwake, udzawerenga mtima wako womwe. Zala ziwiri izi, mbali ya chala chachikulu cha wodwala. Wamva?"

Ndinamva. Kanthu kakang'ono kakugogoda pansi pa khungu la achimwene, mofulumira, ngati kakupempha kuti katsegulidwe.

Koma jagi inali youma. M'mawa youma, masana timadontho tosafika ndi pamzere woyamba womwe. Achimwene anayamba kulankhula zosamveka, kuitana bambo athu. Adokotala akabwera ankafunsa Patience, Patience ankayang'ana ine, ine ndinkapukusa mutu. Ndinamva akunong'onezana zoti ambulansi ikonzekere.

Tsiku limenelo ndi limene a Hilario anabwera kudzazonda. Analowa m'wodi nthawi ya alendo atavala jasi lawo, chomvetsera m'khosi, ndipo azimayi odikirira odwala anayamba kuimirira n'kumawapatsa njira. "Mwaswera bwanji adokotala, tawaonaniko athuwa." Iwo n'kumagwedeza mutu, bedi ndi bedi, ngati nduna yoyendera chitukuko. Atafika pa ife anandipeza nditanyamula beseni. Anagwira mphuno.

"Waona? Ndinakuuza. Akusandutsa kale wotaya mikodzo."

Patience anali pafupi, akusintha botolo la diripu. Anatembenuka mwaulemu wonse.

"Pepani bambo, mumagwira wodi iti?"

"Ine ndinayamba ntchito imeneyi iwe usanabadwe, mwana iwe. Wodwalayu ndi wanga. Thupi lake ndi lofooka chabe. Anzake onse akumwa mankhwala omwewo, wafa ndani?"

"Ooh, ndinu amene munawapatsa? Ndiye tithandizeni, poti manja anga ali ndi ntchito. Tationerani mtima ukugunda bwanji."

Anthu a mabedi oyandikana anatchera khutu. A Hilario sakanathawa. Anakwinya nkhope, anapinda mkono wa jasi, n'kugwira dzanja la achimwene ndi nsonga za zala ngati akugwira nsomba yoola. Anadina ndi chala chachikulu, mbali yolakwika, pafupa penipeni. Anatseka maso kuti aoneke ozama.

"Mtima uli bwino kwambiri. Wamphamvu. Wodekha."

"Umenewo ndi wanu," ndinatero ine.

Sindinafune kukweza mawu, koma anakwera okha. Patience anabisa nkhope kuseri kwa botolo la diripu, mapewa akugwedezeka. Sisita wamkulu anabwera kudzaona chimene chikuseketsa anthu, ndipo atamva, anauza a Hilario kuti avule jasilo kapena atuluke. Anasankha kutuluka. Jasi ndi lokhalo limene ali nalo.

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, achimwene anatsegula maso n'kundikodola.

"Favour. Beseni."

Ndinatembenukira kukhoma, ndikumvetsera. Abale, ine ndamvapo kwaya, ndamvapo mvula yoyamba padenga lamalata, koma phokoso lokoma ngati limenelo sindinalimvepo. Ndinathira mkodzowo m'jagi. Unadutsa mzere woyamba, unadutsa wachiwiri. Ndinathamanga wodi yonse nditainyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Patience! Patience! Wabwera!"

"Usatayire pansi, wamisala iwe! Werenga kaye!"

Ndinawerenga, ndipo ambulansi sinapite ku Blantyre.

Achimwene anatuluka ataonda, lamba akumangira pabowo latsopano. Adokotala anawauza kuti impso zadzuka koma sizidzakhalanso ngati kale, ndipo zikadzavulala kachiwiri mwina sizidzadzukanso. Mapiritsi a banja lija asadzawakhudzenso. Ululu ukavuta, panado yekha, pamlingo wake. Madzi azimwa asanamve ludzu. Patience anandipatsa jagi ina yakale imene inkatayidwa, ati ndizikumbukira kumene ndinayambira.

Mukuganiza kuti a Hilario anachita manyazi? Tinawapeza pansi pa nimu pomwe paja, jasi atalichapa, akuuza anthu kuti Rodgers anachira chifukwa iwo anapita okha kukalangiza madokotala a boma. Zoti anatulutsidwa amati ndi nsanje, nsanje yomwe ija ya kusukulu. Ndipo mzere wa njinga m'mawa sunafupike. Amuna aja sikuti ndi opusa. Msana umawawadi, mgwazo sudikira, ndipo munthu yekhayo amene amawayembekezera panjira ndi kanthu m'manja ndi ameneyo.

Atapumula masabata angapo, achimwene anati abwerera kuntchito nyengo isanatseke. Ndinawamva akuuza amayi kuseri kwa nyumba kuti, "Popanda kapepala kaja sindikudziwa ngati mgwazo ndingaumalize." Choncho m'mawa woyamba ndinadzuka nawo, ndinadzaza chigubu mpaka pakamwa, n'kukwera pakaliyala popanda kupempha.

"Ukupita kuti?"

"Kukuperekezani."

"Ndine mwana?"

"Palasani, achimwene, muchedwa."

Titayandikira mphambano, a Hilario anaimirira, manja m'mwamba.

"Rodgers! Wauka, mwana wanga! Pyadidi, zakhala bwino. Bwera ndikupatse theka lokha, loyambira. Theka silipha munthu."

Ndinamva njinga ikuchepetsa liwiro. Phazi la achimwene linatsika n'kukhudza pansi. Sanayang'ane a Hilario, sanayang'ane ine, ankangoyang'ana kapepala kaja.

"Achimwene," ndinatero chapansipansi, "beseni lija ndinanyamula ndine. Mukufuna ndikalinyamulenso ku Blantyre?"

Kenako phazi linabwerera papedulo.

"Pakamwa pako ngati wailesi," anadandaula, koma tinadutsa.

Kumbuyo a Hilario anakuwa kuti, "Favour! Funso langa lija sunandiyankhe! Jasi likukudikira!"

Ndinatsikira pachipata cha esiteti n'kubwerera wapansi, ndikuganiza njira yonse. Lero adutsa chifukwa ndinali pakaliyala. Mawa msana ukawawa, ine kulibe, phazi lija lidzatsikanso. Ndipo pambuyo pawo pali amuna ena ambirimbiri amene alibe mlongo wapakamwa ngati wailesi.

Ndiye ndasankha. Kuyambira mawa ndizikakhala pamphambano paja, tsidya lina la msewu, maso ndi maso ndi mpando wapulasitiki uja, mpaka achimwene adutse ndiponso mpaka njinga yomaliza idutse. Ndizikakhala ndi ndowa yamadzi ndi kapu, jagi yanga yamizere ili poonekera, ndipo aliyense wofunsa kuti ndi yachiyani ndizimufotokozera zonse, mokweza. Ndikachoka pamenepo ndizikatsegula buku la Bayoloje, chifukwa chaka chamawa ndilembanso. A Hilario, jasi lanulo sungani. Ine ndikayambira pabeseni pomwe munaliika pansi paja.